Dzanja la abambo pa chidina

Mwaswera bwanji nonse.

Lero tagwetsa nyumba yakale ija kuno ku Domwe. Amayi anangokhala poteropo, n'kumaonerera. Amisiri abwera ndi makina opanikizira mabuloko, aja osafuna kuwotcha. Dothi la zipupa zakalezi akuliphwanya, kulisefa, kuthiramo simento pang'ono, ndiye libwereranso m'nyumba yatsopano. Mitengo yathu sitidula.

Pophwanyapo, chidina chimodzi, njerwa yosawotcha ija, chatuluka chathunthu. Pamwamba pake padindika dzanja, koma chala chaching'ono palibe. Paja zidinazi anaumba okha malemu abambo titangobwerako ku Dedza, komwe tinathawira, nkhondo itatha, ndipo dzanja lawo lija mukulikumbuka.

Amayi achitenga n'kuika dzanja lawo momwemo. Akuti, "Ankathamangira mvula, n'chifukwa chake sanasalaze." Mpaka pano chili pamiyendo pawo, achifunditsa chitenje.

Amisiri akuti angathe kuchiika kunja pamwamba pa chitseko, osachimata, kuti aliyense azichiona. Achimwene, achemwali, inu mukuti bwanji? Ine ndinavomera, koma amayi akana. Akuti, "Chilowe kuchipinda kwanga. Abambo anu sangagone panja ndi chisanu cha kuno."