Waya Amene Ndinadula ku Waterkloof

Ndine amene ndinadula waya wa timagetsi ta sola kunyumba yomwe ndimagwirako ntchito ya m'gadeni ku Waterkloof. Madamu anali atatikulunga pa heji kuti pakhomo pazikongola. Ndikudulira hejiyo ndi chisizasi, ndinangoona waya uli lendelende. Ndinaukankhira m'masamba n'kupitiriza ntchito, uku ndikuimba nyimbo ya kwaya ngati munthu wolungama.

Timagetsi titakana kuyaka, madamu anakalipira Amayi Nabanda, wantchito wa m'nyumba amene anandipezera ntchitoyi, kuti anadula ndi iwo poyanika zokolopera pa heji. Ndinali pomwepo, payipi ili m'manja. Ndinathirira duwa limodzi mpaka linamira.

M'mawa mwake Amayi Nabanda anandipatsa tiyi monga mwa masiku onse.

"Achimwene," anatero, "chokolopera sichidula waya mowongoka chonchija."

Ine ndinangoti, "Eish, tiyiyu watentha."

Madamu atataya timagetsito m'bini, ndinatitola n'kukalumikiza ndi tepi. Pano timayaka bwinobwino pakhomo panga ku Soshanguve, ndipo aneba amati ndine wotsogola. Amayi Nabanda okha ndi amene sindinawaitanepo kwathu.