Akamwini anga apambananso, ine tulo palibe

Nditangofika ku Dublin, mayi wina wa ku Chipata amene tinkagona chipinda chimodzi ku hositelo anandichenjeza kuti, "Amayi, kuno landilodi akamakalipa muzigona tulo. Akangoyamba kukupatsani moni, muziopa."

Lachiwiri lapitali landilodi wathu, mwini nyumba tikukhalayi, anandipatsa moni pamasitepe, mpaka kufunsa za bondo langa. Anamuuza ndani kuti bondo limandivuta?

Fulati yomwe ndikukhala ndi mwana wanga, amuna ake ndi adzukulu kuno ku Ongar, dera la ku Dublin konkuno, ndi ya lendi. Akamwini angawo ndi anzeru, sindikuwanyoza. Nkhungu itamera kukhoma anakasuma, anapambana. Boyila yotenthetsa m'nyumba itafa nyengo yozizira, anapambana. Landilodi atafuna kukweza lendi mosatsata lamulo, anapambananso. Pano amadzifanizira ndi mkulu wina wa asilikali wakalekale wa kwathu ku Africa, amene anadutsa mapiri ozizira ndi njovu n'kukathidzimula Aroma kwawo komwe.

Ine nkhani yothera pokoma sindiikhulupirira. Lamulungu Misa itatha ndinakokera pambali bambo mfumu, omwe kale ankaphunzitsa mbiri yakale ku seminale kumudzi, n'kuwafunsa kuti munthu wa njovuyu anatha bwanji.

Anati kumenya ankamenyadi, koma Aroma atatopa ndi kugonja anasiya kukumana naye. Ankangomutsata chapatali, kumutsekera njira za chakudya, n'kumadikira. Iye ali m'dziko la eni zaka ndi zaka, thandizo la kwawo likubwera mwa apo ndi apo, njovu zinatha, asilikali anachepa. Kenako Aroma anakaukira kwawo kwa mkuluyo, anthu akwawo anamuitana kuti abwerere, ndipo anakagonjera komweko.



Landilodi akagonja, madzulo amakagona m'nyumba mwake, mawa n'kudzuka ali landilodi yemweyo. Nanga ife tikagonja kamodzi kokha, tilowera kuti? Nonse mukuudziwa mzere umene umaima pakhomo nyumba ya lendi ikangolengezedwa. Banja lina la kutchalitchi kwathu linasowa nyumba, pano likukhala m'chipinda chimodzi cha hotela, ana akudyera pabedi.

Lachinayi kunabwera amuna awiri ovala bwino, akujambula nyumba panja ndi kuyeza mawindo. Ndinawasuzumira pakatani, sindinatsegule. Munthu akafuna kugulitsa nyumba yake, mungakamusumire chiyani? Nditawauza akamwini anangoseka. "Amayi, musadandaule, ameneyo timuwina." Koma munthu amene wasiya kumenyana nawe umamuwina bwanji?

Masana ndimatsala ndekha, onse ali kuntchito ndi kusukulu. Mukamadutsa ku Ongar, dzandizondeni. Muimbe belu, mutchule dzina lanu ndi la mudzi wanu m'Chichewa, kenako muime poti ndikuoneni pawindo. Mwina sinditsegula, musakwiye. Koma katani akapanda kugwedezeka, musangobwerera. Mufunse kutchalitchi komwe atitaya.