Mayi Wachitsulo Amene Anadinda Fodya Wanga

Alamu anga a ku Kasakula ndi owotcherera zitsulo, koma zitseko ndi mawindo zinawakwana kalekale. Masiku ano amawumba anthu. Makasu otha, matcheni a njinga, zitsulo za mapulawo, zonse amalumikiza mpaka zitaima ndi miyendo iwiri. Ukachedwa pakhomo pawo utavala lamba wa chitsulo, amayamba kukuyeza ndi maso. Ndikulumbira, sindikuwonjeza.

Chaka chatha jeke yanga yodindira fodya inathyoka chogwirira, ndiye ndinapita nayo kwa iwo. Fodya anali atasankhidwa kale m'chigafa, lole yonyamula mabelo ikubwera Lachinayi. Ikakupitirira lole imeneyo, fodya amachita nkhungu ukumuona.

Lolemba ndinapalasa njinga, kukwera mapiri, kukafunsa. "Mawa, alamu." Lachiwiri ndinakweranso mapiri onse aja, mpaka njinga inayamba kukhota yokha pamphambano. Kunyumba sindinkakhazikika: kulowa m'chigafa, kununkhiza fodya, kutuluka, kulowanso. Mkazi wanga anati ndakumba kanjira pabwalo kofika m'mawondo. Kanafikadi, ndinayeza.

Lachitatu ndinapeza pakhomo pawo paima mayi wachitsulo wopitirira denga, atasenza mtolo wa masipoko, maso ake mabelu a njinga. Msana wake ndinauzindikira msanga.

"Alamu, si jeke yanga iyi?"

"Inu mumaiona ngati jeke. Ine nditaigwira, inandiuza kuti ndi msana."

"Inakuuzaninso kuti lole ikubwera mawa?"

"Chogwirira ndawotcherera, ndi mkono uwo. Zinazo ndangowonjezera, zaulere."

"Dulani."

Anavula magalasi awo akuda owotcherera n'kundiyang'ana ngati ndawatuma kupha munthu. "Magetsi anathima m'mawa. Ndidule ndi mano?"

Tinamugoneka mayiyo m'ngolo yobwereka, miyendo ikulendewera kumbuyo, amuna m'njira akuvula zipewa poyesa maliro. Kwathu tinasasula denga la chigafa kuti aime bwino, mapazi ake pathabwa lopanikizira fodya m'bokosi. Tikazunguza mkono wake, ankatsika pang'onopang'ono ngati akufuna kugwada, fodya n'kumalira pansi pake. Ine ndinkathamangira kumsewu kukasuzumira, ngakhale ndinkadziwa kuti Lachinayi silinafike.

Lole itafika, mabelo onse anali atasokedwa. Dalaivala anasuzumira m'chigafa, n'kuwerama: "Mwaswera bwanji, amayi?" Kenako anandifunsa monong'ona ngati ndi apongozi anga. Ndinavomera, tinayamba kukweza mabelo.