Hadidisiki pa Thandala la Usipa

Laputopu yanga inafa mwezi womwe tinaika ababa m'manda. Ndinaiyatsa nditaweruka ku ntchito ku loji ina ku Makokola, koma inangoonetsa mdima. M'kati mwake munkamveka kaphokoso ngati munthu akugogoda sefuliya ndi chikhadabo. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, kaphokoso komweko. Mnzanga wa kuntchito atamvetsera anapukusa mutu, n'kundiuza kuti chafa ndi hadidisiki, kachitsulo kamene kamasunga zonse za m'kompyuta.

Zambiri zimene zinali mmenemo sindinazilire. Chimene ndinalira chinali vidiyo imodzi. Ababa anali otsogolera sikiri, nyimbo zathu zachisilamu zotamanda Mulungu, m'mudzi mwathu, ndipo pa maliro kapena pa sadaka mawu awo ndiwo ankayamba, ena n'kumavomera. Koma kujambulidwa ankadana nako. Ndinawanyengerera zaka zambiri, mpaka tsiku lina la Idi anavomera, n'kukhala pakhonde n'kuimba okha, ine nditawaloza foni. Foniyo itadzaza, vidiyo ndinaisamutsira mu laputopu. Kunalibe kwina kulikonse kumene mawu a ababa anatsalako.

Amayi anali pa edda, nthawi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osayenda. Ankakhala pamkeka m'chipinda, tasibihi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi anandigwira mkono.

"Nkhope ndikuiona bwinobwino," anatero. "Koma mawu akundithawa. Ndikati ndiwakumbuke ndikungomva mawu a amalume ako. Chija unajambula chija chilipo?"

Ndinawauza kuti chilipo, koma makina akudwala. Anandifunsa ngati adzakhale atachira pofika arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi. Ndinayankha kuti ndiyesetsa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamasula laputopu ndi kasikuludiraiva ka wokonza mawayilesi, n'kutulutsa kachitsulo kaja. Kanali kochepa kuposa chikhatho changa. Ku boma ndinagula kabokosi kokhala ndi chingwe, kolumikizira hadidisiki ku kompyuta ina, ndipo mnzanga uja anandibwereka laputopu yake. Ndinakhala pa tebulo la pabalaza, n'kulumikiza. Kanazungulira pang'ono, kenako kugogoda kuja kunayambiranso. Pa sikirini sipanabwere chilichonse. Ndinayesa m'mawa, ndinayesa masana, ndinakagoneka chagada, ndinakaimika chilili. Wina anandiuza kuti ku Blantyre kuli akatswiri amene amatsegula zoterezi m'chipinda chopanda fumbi, koma atatchula mtengo wake ndinangoseka chifukwa kulira kunali kutanditopetsa kale.

Laputopuyo anandigulira achimwene anga aakulu amene ali ku Joni. Maliro a ababa sanawaone, paja ife Asilamu timaika tsiku lomwelo. Iwonso ankaifuna vidiyoyo, ndipo munthu akakhala ku Joni amakhala dokotala wa chilichonse. Ananditumizira mawu pa foni:

"Achimwene, zimenezo n'zosavuta. Kuno amangoika mufiriji. Zitsulo za m'katimo zikazizira zimabwerera m'malo mwake. Mukulunge bwinobwino m'jumbo, musiye mpaka mawa."

Ndinakayika, koma munthu womira sasankha chogwira. Firiji yokha pamudzi pathu inali ya achemwali anga aakulu, amene amakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Iwo amagulitsa nsomba: usipa amayanika pathandala kuseri kwa nyumba, chambo amasunga mufiriji yaikulu kudikirira ogula ochokera ku mizinda. Ndinakulunga hadidisiki m'majumbo awiri, n'kumanga ndi mphira, n'kuiika pakona pamwamba pa chambo. Ndinawauza kuti asaikhudze. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ndiye ababa mwawaika pamodzi ndi nsomba zanga?"

Sindinaseke, ndipo iwonso anazindikira kuti nthabwalayo yagwera pamwala.

M'mawa mwake ndinalawirira ku ntchito. Magetsi anazima ndisanafike n'komwe, ndipo sanayake tsiku lonse. Kutentha kwa Okutobala kwathu kuno sikufuna kufotokozera munthu. Pobwerako masana ndinathamangira kwa achemwali. Firiji inali yotsegula, nsomba anali atazisamutsa, pansi pake patadikha madzi ofiirira onunkha chambo. Jumbo yanga munalibe.

"Inagwera m'madzimo," anatero achemwali, akupala mamba. "Madzi analowa pang'ono. Koma musadandaule, ndayanika."

"Mwayanika pati?"

Analoza kuseri ndi mpeni.

Ndinakaipeza pathandala, pakati pa usipa, itagonekedwa bwinobwino ngati nayo ikudikira wogula. Ntchentche zinali zitaizinga. Nditaigwira inandiotcha zala. Achemwali anandiuza monyadira kuti anaitembenuza kuti iume mbali zonse, monga amachitira ndi usipa.

Ndinakalipa. Ndinanena mawu amene munthu sanena kwa mkulu wake, ndipo ndinawanena mokweza mpaka anansi anasuzumira pampanda. Achemwali sanandibwezere. Anangoti, "Chonyowa chilichonse chimene ine ndikuchidziwa chimayanikidwa. Nanenso anali ababa anga." Anabwerera ku mamba awo. Ndinaima pamenepo kachitsulo kotentha kali m'manja, ndikumva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, osadziwa woti ndimukwiyire pakati pa iwo, achimwene a ku Joni, ndi ine amene ndinamvera.

Hadidisikiyo inakhala pawindo masiku angapo. Ndinkaopa kuilumikiza, chifukwa malinga ngati sindinayese, ndikanatha kumauzabe amayi kuti makina akudwala. Fungo la nsomba silinachoke. Mphaka wa pakhomo anayamba kuizungulira.

Kutatsala pang'ono kuti arubaini ifike, azakhali atayamba kale kupeta mpunga pabwalo, ndinalimba mtima. Ndinalumikiza. Kanagogoda kawiri, kenako kanakhala chete n'kuyamba kuzungulira mosalala. Mpaka lero sindidziwa chimene chinachititsa, kaya kuzizira, kaya dzuwa, kaya kanangotopa ndi kutizunza. Ndinatsegula pulogalamu yofufuzira mafayilo otayika imene mnzanga anali ataikamo kale. Mzere wobiriwira unayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Sindinasunthe pampando, ngakhale kukhosomola ndinkaopa.

Mafayilo anayamba kutuluka opanda maina, manambala okhaokha. Zinatuluka nyimbo za achimwene zimene sindinazimverepo. Zinatuluka zithunzi za alendo a ku loji, azungu ofiira ndi dzuwa amene maina awo ndinaiwala kalekale, onse athunthu, akumwetulira. Chithunzi cha ukwati wa achemwali chinatuluka theka, kumunsi kwake kuli phulusa lokhalokha. Mzere uja usanafike pakati, kugogoda kunabwerera, mwamphamvu kuposa kale, kenako kunamveka ngati mchenga ukukhulika m'kati. Kanaima. Sikanazungulirenso.

Ndinafufuza m'zimene zinapulumuka, fayilo ndi fayilo. Vidiyo ya ababa inalipo, koma kachidutswa ka kumayambiriro kokha. Chithunzi chinali mabokosimabokosi obiriwira, nkhope yosaoneka. Mawu okha ndiwo ankamveka, ndipo ankatha nyimbo isanayambe. Sikiri yonse inapita.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuganiza ngati n'koyenera kupita nako kwa amayi kanthu kotere. Anapempha nyimbo, ine ndinali ndi zinyenyeswa. Achemwali ndiwo anandipeza pabalaza. Sitinali titalankhulana kuyambira tsiku la thandala lija. Ndinawauza mmene zathera, iwo n'kunena kuti tipite nazo momwemo, amayi si mwana.

Tinalowa m'chipinda. Ndinaika laputopu pamkeka, n'kuwauza amayi kuti nyimbo yalephereka, changotsala ndi chiyambi chokha. Anagwedeza mutu. Ndinadina.

Poyamba kunamveka mphepo ndi nkhuku. Kenako ababa anakhosomola, chifuwa chawo chija cha m'mawa chimene tinkachimva tili m'zipinda.

"Kodi chayamba kujambula chimenechi? Iai, dikira kaye, anthu asandione mutu uli pamtunda." Kenako anakweza mawu, kuitanira m'nyumba. "Amake ana, kofiya yanga ili kuti?"

"Ili pamsomali pomwe munaisiya," anayankha amayi.

Anayankha msangamsanga, ndi mawu aja otopa amene ankawayankha nawo ababa m'mawa uliwonse, asanazindikire n'komwe kuti alankhula. Laputopu inali itakhala kale chete. Amayi anagwira pakamwa. Achemwali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, ndipo kofiya yoyera ija inalidi pamenepo, chifukwa palibe amene anali atalimba mtima kuichotsa.

Pa arubaini sikiri anatsogolera munthu wina. Anaimba bwino, sindinganame, koma ndinachoka pabwalo asanamalize.

Kachidutswa kaja ndinakasunga m'malo ambiri tsopano, ndipo achimwene ku Joni ali nako. Amayi anandiuza kuti ndikaike mufoni yawo yaing'ono. Sakatsegula kawirikawiri. Koma masiku ena ndikamadutsa pakhomo la chipinda chawo m'mawa ndimamva ababa akufunsa za kofiya, kenako chete. Amayi sanayankhenso kuyambira tsiku lija.