Munthu amene anandiponda pamsana

Ululu unayamba mu Juni, tsiku limene ndinanyamula belo la salaula, zovala zovalidwa kale, ku City Market, komwe ndimagulitsa zovala. Ndinamva ngati chinachake chaduka m'chiuno, koma ndinagwirabe ntchito mpaka madzulo. Patatha sabata, ululuwo unatsikira kumwendo wamanzere. Ndinkalephera kuwerama kuti ndivale nsapato, ndipo pokwera minibasi yopita kwathu ku Kabwata ndinkachita kuluma mano.

Mnzanga wa pamsika anandiuza za bambo wina wa kwathu komweko amene anthu ankamutchula kuti ba Dokota, ati ndi katswiri wowongola msana. Ndinapitako Loweruka m'mawa. Panja panali benchi yodzaza anthu, mkati munali mphasa ndi chithunzi cha mafupa a munthu pakhoma. Sanandifunse kalikonse. Anandigoneka chafufumimba n'kukwera pamsana panga ndi mapazi onse awiri. Nditakuwa, iye anaseka.

"Osalila, mami. Fupa ibwelela pamalo pake."

Pofika kunyumba, phazi lamanzere linali litachita dzanzi. M'mawa mwake ndinagwa pakhomo la bafa, ndipo amuna anga ananditengera kuchipatala.

Anandigoneka masiku asanu ndi anayi. Anamwino ankabwera m'mamawa kudzatiyeza kutentha kwa thupi ndi kutipatsa mapiritsi, kenako tinkadikira madokotala. Kuti andijambule msana ndinadikira masiku anayi, chifukwa mzere unali wautali. Zithunzi zitatuluka, dokotala anandiuza kuti kamnofu kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana katuluka n'kupana mtsempha wopita kumwendo.

"Mukanabwera poyamba pomwe, ikanakhala nkhani yaing'ono," anatero. "Amene anakupondaniyo akanatha kukulumalitsani."

Ndinene zoona: pabedi paja sindinkangopempherera kuchira. Ndinkaona nkhope ya munthu uja akuseka, ndipo ndinalumbira kuti ndidzabwerera pageti pake ndi miyendo yanga.

Ndinatuluka ndikuyendera ndodo. Dokotala anati opaleshoni siyofunika, ndipo kutupa kutachepa anandilola kukaonana ndi mayi wina ku Woodlands amene anaphunzira ntchito yowongola msana, yomwe amati kairopurakitiki. Mayiyo anayamba wayang'anitsitsa zithunzi zanga asanandikhudze. Anandigogoda bondo ndi kanyundo kakang'ono, n'kundiyendetsa ndi zidendene. Anandifotokozera kuti mitsempha yopita m'miyendo imadutsa mumsana, choncho mafupa akakhala molakwika, kayendedwe ndi tulo zomwe zimasokonekera. Ankandigoneka cham'mbali n'kumasindikiza pang'onopang'ono, akufunsa ngati zikupweteka. Anandiphunzitsanso zolimbitsa m'chiuno zoti ndizichita m'mawa uliwonse, ndi kunyamula katundu nditapinda mawondo. Ndinkapita kawiri pa sabata. Dzanzi linachedwa kutha, ndipo masiku ena ndinkabwerako ndikulira. Mu Okutobala ndinasiya ndodo.

Loweruka lotsatira ndinatenga kampando ndi envulopu ya zithunzi zanga, n'kukakhala pageti pa ba Dokota. Aliyense wobwera ndinkamuonetsa zithunzizo ndi kumufotokozera zimene zinandichitikira. Ena anandinyoza n'kulowa. Koma mtsikana wina amene anabwera ndi bambo ake okalamba anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anawagwira dzanja n'kubwerera nawo.

Mwiniwake anatuluka maso ali psu.

"Imwe amai, mufuna chani pano?"

"Nabwela kuonesa bantu nchito yanu, ba Dokota."

Ndinakadandaulanso ku ofesi yoyang'anira ogwira ntchito zachipatala, koma sindinadikire yankho lawo. Ndinkakhala pageti paja Loweruka lililonse, ndipo benchi inkapita ichepa anthu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinapeza pali loko. Mwininyumba anati munthu uja wasamuka osatsanzika. Abusa athu akuti ndikhululuke. Ndawauza kuti azindipempherera, chifukwa mtima sunafikepo.

Lero ndikuyenda bwino ndipo ndinabwerera kumsika, ngakhale kuti kukazizira chala chachikulu cha phazi chimachitabe dzanzi. Inu amene msana wayamba kukuvutani, makamaka ululu ukatsikira kumwendo, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musalole munthu kuwongola msana wanu asanakuyezeni, ndipo mufunseni kumene anaphunzira. Ndipo wina akamva kumene ba Dokota anasamukira, adzandiuze ku City Market. Ndidzatseka malonda tsiku lomwelo.