Tsamba limodzi limene sindinalembe

Ndinalakwa, koma mpaka lero mutu wanga sugwira ndikamaganiza za nkhaniyi. Inu owerenga, mwina inu muimvetsa.

Ndine mlonda kuno ku Doha. Kwa zaka ziwiri ndinkagona chipinda chimodzi ku Rawdat Al Khail ndi mnzanga wochokera dziko lina la mu Africa, ndingomutchula kuti Yosefe. Anali munthu wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula. Nditakomoka ndi kutentha pageti, ndiye anandinyamula, n'kundigwirira mashifiti sabata yathunthu. Chodabwitsa chinali chimodzi, kamera ankaithawa. Ine ndinkangomuseka kuti kodi unathawa mkazi kwanu?

Tsiku lina tili pantchito ku Ras Abu Aboud ndinamujambula mobera ali mu yunifomu, n'kuika chithunzicho pa intaneti, monga timachitira tonse kuti akumudzi aone kuti zikuyenda. Patapita miyezi ingapo apolisi anabwera kudzamutenga. Mayi wina wakwawo anali atamuzindikira pachithunzi chija.

Zomwe ndinamva pambuyo pake, abale inu! Yosefe anabedwa ndi zigawenga ali ndi zaka khumi, akuchokera kusukulu. Anamugwiritsa mfuti, n'kumukakamiza kupha mnzake amene anayesa kuthawa. Anakulira kutchire komweko mpaka kukhala mtsogoleri wa gulu. Ali wamkulu kale analamula kuti mudzi wa mayi uja uwotchedwe, ndipo ana awiri a mayiyo anafera momwemo. Apolisi aja atamutenga, anamutumiza kunja, kubwalo loweruza milandu ya nkhondo, komwe anamupeza wolakwa.

Kenako loya wake anandiimbira foni. Anati chatsala n'kugamula zaka zoti akakhale kundende, ndipo oweruza amamvanso za ubwana wa munthu ndi mmene wakhalira chitayireni mfuti. Anandipempha kuti ndilembe zomwe ndinaona, tsamba limodzi lokha, pasanathe milungu itatu.

Apa ndiye ndinabalalika. Ndikagwira cholembera kuti ndinene kuti ndi munthu wabwino, ndinkaona mayi uja. Ndikachitaya, ndinkaona kamwana ka zaka khumi katanyamula mfuti yokaposa msinkhu. Kodi munthu amasiya liti kukhala wobedwa n'kusanduka wakupha? Tsiku lomwe wakwanitsa zaka zauchikulire? Nanga kutchire amamuuza ndani kuti lero wakula? Anzanga a ku Malawi anangowonjezera chisokonezo. Wina anati mlandu suwola, mulekeni akolole zomwe anafesa. Wina anandikokera pambali n'kuti, “Achimwene, kampani ikangomva kuti dzina lanu lili kukhoti, kontrakiti yatha, khalasi, basi zathera pomwepo.” Sindinama, mantha anandigwira.

Loya akaimba ndinkangoti inshallah, Mulungu akalola, mawa, monga amatiyankhira mabwana kuno akafuna kutikana mwaulemu. Mawa, mawa, milungu itatu inatha.

Oweruza anamupatsa Yosefe zaka zambiri, zoti ngati adzatuluke adzakhala ali nkhalamba. Loya uja anandiimbiranso, osakalipa ayi. Anati atamufunsa Yosefe kuti ndani angamuchitire umboni, anatchula dzina limodzi lokha, langa. Abale ake onse anatha pankhondo. Amene anamudziwa alibe mfuti m'manja ndinali ine, ndipo bwalo silinamve kalikonse kuchokera kwa ine.

Sindikunena kuti akanamumasula. Mwina tsamba langa silikanachotsa ngakhale chaka chimodzi, ndipo mwina mayi uja ndiye ayenera kumvedwa kuposa ine. Sindikudziwa. Chomwe chimandipweteka n'chakuti ndinadzipatsa ndekha mpando wa woweruza, pomwe anangondipempha zomwe maso anga anaona.

Inu owerenga, mukapemphedwa umboni musadikire kuti mtima uyambe wamvetsa zonse. Nenani zomwe munaona, zolemerazo asenze oweruza. Ine ndinadikira, ndipo mtima sunamvetsebe mpaka pano, koma tsiku lolandirira makalata linadutsa kalekale.