Kiyibodi Yofunditsidwa Chitenje

Bambo anga anali woyambitsa nyimbo m'tchalitchi chathu cha Lutheran, ndipo udindo umenewu palibe amene anawapatsa. Anangouyamba ine ndisanabadwe, anthu n'kuzolowera. Mkati mwa sabata ankawotcherera zitsulo pa galaja ina ku Ginnery Corner, koma Lamulungu ankavala jekete lawo lakuda, kutenga buku la nyimbo lomatamata ndi selotepu, n'kutsogola pochoka kwathu ku Chitawira ngati kuti chitseko cha tchalitchi sichingatseguke iwo asanafike.

Abusa akatchula nambala ya nyimbo, mpingo wonse unkadikira. Bambo ankatsokomola kamodzi, kuyesa mawu pansipansi m'mphuno, kenako n'kuyamba. Azibambo ankawatsatira, azimayi n'kutsatira azibambo, ife ana n'kumabwera pambuyo penipeni, moti mzere umodzi unkatha katatu. Nyimbo zake zinali zija anabwera nazo amishoni, zoyenda ngati munthu wosenza thumba la simenti pa chitunda. Mayi wina amene ankakhala benchi imodzi ndi amayi anga ankatha kuyamwitsa mwana, mwanayo kugona, kudzuka, kuliranso, ife tikadali pa nyimbo yomweyo. Bambo ankati umenewo ndiye ulemu. Ankati Mulungu si minibasi yoti uziithamangira.

Kenako kunabwera matipate, aliyense n'kuzindikira kuti ali ndi pakamwa. Mipingo inaphuka paliponse, m'makalasi a sukulu za pulayimale, m'magalaja a anthu, ngakhale m'holo momwe Loweruka munkavinidwa disiko. Uliwonse unali ndi masipika ake, ndipo pochoka ku Chitawira kupita ku tchalitchi unkafika utalalikidwa kale kangapo usakufuna. Achinyamata athu anayamba kusowa mmodzimmodzi. Akulu a mpingo anakhala pansi, anapemphera, anaganiza mozama, ndipo anapeza kuti chimene achinyamata a mu Blantyre ankasowa sinali ntchito kapena fizi. Chinali kiyibodi.

Tinachita Pepa Sande, kiyibodi n'kugulidwa kwa amwenye ku Limbe. Inabwera m'katoni, mkulu wina wa mpingo ataifukata pamiyendo m'minibasi ngati khanda lochokera ku chipatala. Woiimba anapezeka, mnyamata wina wowonda wa ku Chigumula, amene anakulira mu mpingo wathu womwewu koma zala anakaphunzitsira ku feloshipi. Chinthucho chinali ndi batani limene ukangolidina, ng'oma ndi m'manja zinkayamba kuomba zokha. Mnyamatayo ankalikonda batani limeneli kuposa china chilichonse pa dziko lapansi. Nyimbo ya chiyamiko, ya chopereka, ya Mgonero, zonse zinkayenda pa ng'oma imodzimodziyo. Tinkavomereza machimo athu ndi kupempha chifundo uku mapewa akugwedezeka okha. Nyimbo zatsopano za achinyamata nazo zinali ndi nzeru zake: mzere umodzi wokha, kuubwereza mpaka njala italowererapo.

Lamulungu loyamba abusa anatchula nambala, bambo anatsokomola, koma asanatsegule n'komwe pakamwa kiyibodi inali itanyamuka kale. Anayesa kuimba pa liwiro lawo, poganiza kuti mpingo ubwerera kudzawatenga. Sunabwerere. Iwo akumaliza vesi loyamba, anzawo anali akutseka mabuku. Nawonso anatseka lawo, anaimirira, natuluka pang'onopang'ono mpaka pansi pa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi zenera.

"Chinthu chimenecho chikamalira, phazi langa m'menemo ayi," anatiuza madzulo ake kunyumba.

Amene akuganiza kuti anasiya kupemphera sakuwadziwa bambo anga. Lamulungu lililonse ankafika m'mawa kuposa wina aliyense, jekete lomwe lija, buku lomwe lija, n'kukhala pa njerwa pansi pa mtengo. Ulaliki ankamvera pa zenera. Chopereka ankapatsira amayi pa zenera pomwepo. Mvula ikamagwa ankatsegula ambulera. Kiyibodi ankaitcha thabwa lositirapo, ndipo woiimbayo dzina lake linathera pa mnyamata wa mabatani. Zinakhala choncho zaka, mpaka ana a Sande Sukulu ankaganiza kuti bambo anga ndi alonda.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinabwera ndi ng'oma zake za magetsi. Blantyre yense anali wodzaza ndi anyamata, makalaliki, madalaivala, aphunzitsi, ena oti bambo akanawalandira ndi manja awiri. Ine ndinakakonda mnyamata wa mabatani. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa nsalu m'shopu ina m'tauni, ndipo iye ankabwera kudzandidikira poweruka, kundiperekeza wapansi mpaka ku Chitawira, n'kukhotera pa ngodya bambo asanamuone. Akakhala kutali ndi kiyibodi anali munthu wofatsa ndi wanzeru ndithu.

Nditawauza amayi, anaseka mpaka anakhala pansi pa khonde.

"Mwa anthu onse, iwe? Chabwino. Koma ine si amene ndikawauze adadi ako. Pita kwa amalume ako, ntchito yawo ndi imeneyo."

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ndi amene anali ankhoswe anga, ndipo anapita nayo nkhaniyo kwa bambo. Bambo sanakane ukwati. Anati mnyamatayo saba, samwa, amapereka moni bwinobwino, vuto lake ndi zala basi. Koma anaikapo mawu amodzi: tsiku la ukwati, thabwa lija likangolira, iwo akakhala pa njerwa yawo, ndipo mkwatibwi aperekezedwe ndi aliyense amene angafune.

Apa ndinene poyera. Ndinali mwana wamkazi yekhayo m'nyumba mwathu, ndipo chimene ndinkafuna pa ukwati wanga si keke yosanjikiza kapena galimoto za maluwa. Ndinkafuna bambo anga andigwire mkono kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo. Ndikaganiza zodutsa ndi velo langa iwo ali pansi pa mango ndi ambulera yawo, mtima unkandipweteka mpaka chakudya chinkandikanika.

Chibwenzi changa nacho chinali ndi maloto ake. Pa zaka zonsezo munthuyu sanaphunzitseko wina aliyense mu mpingo wathu kuimba kiyibodi, kiyi wa kabati yosungiramo ankayenda naye m'thumba ngati chithumwa. Tsono pa tsiku lake anali atapangana kale ndi mnzake wa ku feloshipi, woti abwere ndi masipika aakulu ngati mafiriji.

"Ukwati wa woimba kiyibodi wopanda kiyibodi? Magaye adzandiseka mpaka liti?" anandifunsa tikuyenda.

"Ndiye ukwatire sipikayo," ndinamuyankha, "izidzakuphikira."

Tinatha sabata osalankhulana. Ankhoswe a mbali zonse anakumana, ndipo amalume anandiuza pambuyo pake kuti za kumene tikakhale ndi mmene tikadyere anazimaliza tiyi asanazizire. Tsiku lonse linathera pa thabwa. Chigamulo chinali chakuti m'tchalitchi kiyibodi ikhalemo, poti ndi katundu wa mpingo, koma izulidwe ku magetsi ndi kufunditsidwa nsalu. Ku holo achinyamata akachite zimene akufuna, ngakhale kugwetsa denga. Amayi anapereka chitenje chofunditsira, cha chipani china chimene chinagonja pa masankho, chomwe chinalibenso ntchito ina pakhomo.

Bambo anapambana, ndipo sanabise. Anapolisha nsapato mpaka zinkaonetsa nkhope. Anasankha nyimbo ya ukwati yaitali kuposa zonse m'buku, n'kumaiyeserera m'bafa m'mawa uliwonse, anthu oyandikana nafe akudabwa kuti kodi kwagwa zovuta.

Loweruka la ukwati linafika. Pakhomo la tchalitchi anandigwira mkono, dzanja lawo lolimba ndi zipsera za moto wowotcherera, ndipo tinalowa. Tikudutsa pa kiyibodi yofunditsidwa ija anaiyang'ana cham'mbali monga munthu amaonera nkhope ya mdani wake pa maliro. Anandipereka kutsogolo, nabwerera pa malo awo akale pa benchi yoyamba ya azibambo, pamene wina anawapatsa mpata mwamsanga. Ine ndinali wosangalala kwambiri, ndinkaona ngati nkhondo yatha.

Abusa anatchula nambala. Bambo anatsokomola, anayesa mawu m'mphuno, nayamba.

Anayambira pamwamba kwambiri. Kaya chinali chimwemwe, kaya zaka zokhala pa njerwa, kaya utsi wa ku galaja, sindidziwa. Ngakhale ine amene sindidziwa zoimba ndinamva kuti apa takwera mtengo wopanda nthambi. Azimayi achikulire anawatsatirabe mokhulupirika, koma mzere wachiwiri wa nyimbo imeneyo umakwera, ndipo mawu awo anayamba kuthyoka, wina kusiya, wina kusiya. Achinyamata sakanathandiza. Nyimboyo sankaidziwa, ndipo mabuku ambiri anali atadyedwa ndi chiswe m'bokosi kalekale popanda wodandaula. Bambo anatsala okha, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mpaka nawonso mawu anawathawa.

Kumbuyo wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Anatsokomolanso, nayambiranso. Ulendo uno anatsika kwambiri, mawu ali pansi ngati lole yokwera chitunda ndi katundu. Azimayi anafunafuna polowera, osapapeza. Nyimbo inafanso pa mzere woyamba.

Bambo anangoima, buku lili chitsegulire m'manja mwawo. Munthu amene anayambitsa nyimbo m'chipinda chimenechi ine ndisanabadwe anali ataimirira pamaso pa mpingo, pamaso pa alendo a ku Chigumula, pamaso pa anyamata onse amene ankawatcha alonda, akulephera chinthu chokhacho chimene anachimenyera nkhondo zaka zonsezi. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ine amene ndinalimbana ndi aliyense kuti alowe, pa nthawi imeneyo ndinalakalaka akanakhala pansi pa mango pawo. Abusa, pofuna kuwapulumutsa, anayamba kutembenuza tsamba kuti apitirire ndi mwambo. Ndinadziwa kuti tsamba limenelo likangotembenuka, bambo atseka buku, atuluka ukwati uli mkati, ndipo ngakhale pa njerwa sadzabweranso.

Sanatseke buku. Anatembenuka n'kuyang'ana mkwati, munthu amene anali asanamulankhulepo mawu opitirira moni.

"Apongozi," anatero motsitsa, "tatipatsaniko poyambira."

Mwamuna wanga, kapena ndinene kuti amene anatsala pang'ono kukhala mwamuna wanga, anandisiya ndekha kutsogolo ndi maluwa anga. Anapita pa kona ndi magolovesi ake oyera, anagwada n'kulumikiza chingwe, natukula chitenje mbali imodzi yokha. Ine ndinatseka maso n'kupemphera pemphero lalifupi ndi loona mtima kuposa onse amene ndinapempherapo, lakuti chala chake chisapite pa batani lija. Ndinkamudziwa munthuyu. Chala chake chinkapita pamenepo chokha ngati mbuzi yobwerera ku khola.

Anadina pamodzi pokha, ndi chala chimodzi. Liwu limodzi linamveka, losakwera ndi losatsika, iye n'kuligwira kanthawi. Kenako anachotsa chala, anazula chingwe, anabwezeretsa chitenje bwinobwino, nabwera kudzaima pambali panga.

Bambo analitola liwu lija n'kuyamba. Azibambo anawatsatira, azimayi n'kutsatira azibambo, ndipo pofika vesi lachiwiri ngakhale achinyamata anali akukokera pambuyo, atatu atatu pa buku limodzi. Mkwati naye ankaimba pamtima, mawu onse, chinthu chimene anandibisira chibwenzi chathu chonse. Bambo sanatikhululukire vesi ngakhale limodzi. Nsapato zobwereka zinkandiluma, kamtsikana konyamula maluwa kanagona pa benchi, keke inkasungunuka ku holo, ife tikuyenda ndi thumba lathu la simenti mpaka pamwamba pa chitunda. Ndinalira nyimbo yonse, ndipo alendo ankati mkwatibwi wake ndi wamakhalidwe.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo bambo anayamba kugwedeza mapewa. Palibe msonkhano umene unachitika, koma zinangokhazikika kuti nyimbo yoyamba ya Lamulungu lililonse ikhale ya m'buku. Mkamwini wawo ankadina pamodzi, iwo n'kuyamba. Nyimboyo ikatha, ng'oma za magetsi zisanadzuke, ankanyamula buku lawo n'kubwerera pa njerwa. Anachita zimenezi mpaka miyendo itawakanika.

Tsiku lina tikudya kwathu ku Chitawira, mwamuna wanga ali pomwepo, amayi analephera kupirira.

"Kodi abambo, si inu munalumbira kuti chinthu chija chikamalira phazi lanu m'menemo ayi? Nanga pa ukwati wa mwanayu, ndi masabata onsewa, mumakhala muli kuti chikamalira?"

Bambo anapitiriza kutafuna, osafulumira, monga ankachitira ndi china chilichonse. Atameza anayang'ana amayi ngati afunsa za chibwana.

"Pamene ine ndili m'kati sichilira," anatero. "Chimangotsokomola."